Damaris Mbewe ndi Katundu Wosagula

Damaris Mbewe anafika ku Ndola ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Anachokera ku Katete pa lole, atafumbata mphasa ndi dengu limodzi. Mwamuna wake, Mathias Sakala, nthawi imeneyo anali mesenjala pa kampani ina ya zitsulo. Pamene Chitaganya chinkayamba, Mathias anali atakwera kukhala kalaliki, ndipo anapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri ku komboni ya Chifubu, mzere umodzi ndi ife. Nyumba za kumeneko zinkatsata ntchito ya mwamuna. Mkazi ankakhalamo chifukwa cha dzina la mwamuna wake, ndipo ukwati ukatha, kawirikawiri ankamugulira tikiti n'kumukweza basi yobwerera kumudzi.

Tsiku limene analowa, nyumbayo inali makoma ndi malata chabe, pabwalo pali dothi lofiira lolimba losamera ngakhale chisoso. Damaris anali wamfupi, wosalankhulalankhula, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto. Anayamba ndi khitchini. Anaumba zidina ku dambo, n'kumazisenza pamutu pang'onopang'ono mpaka zinakwana. Udzu wofolera anamweta yekha, mitengo anakadula kutchire. Kumene kunkatayidwa madzi otsukira mbale anabzalako nthochi. Anazunguliza bwalo ndi mpanda wa nkhadze kuti mbuzi za eni zisamalowe, ndipo pakati pa bwalolo anakwirira khokho la mango amene anadya yekha pa msika. Mlongo wake Jairus, mmisiri wa matabwa wokhala ku komboni ya Twapia mu Ndola momwemo, anamupatsa thadzi limodzi, ndipo patapita zaka zingapo nkhuku zinadzaza khola. Analinso ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Kafubu, limene ankapitako mwamuna akangonyamuka kupita kuntchito.

Anabereka ana atatu. Awiri anamwalira ali aang'ono, ndipo anaikidwa m'manda a ku Ndola komweko. Wotsalayo, Salome, anakula n'kukwatiwa ku Broken Hill. Mwezi uliwonse Damaris ankapita kumanda ndi khasu kukalambula udzu, osauza munthu.

Mathias sanali munthu waulesi. Ankafuna kukwerabe, choncho anayamba maphunziro a pa positi. Mabuku ankabwera m'maenvelopu aakulu, iye n'kumawawerenga atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mango aja, amene tsopano anali mtengo wa mthunzi. Malaya ake oyera anali ochepa, koma kuofesi ankamuyamikira kuti ndi waukhondo. Kolala ikayamba kutha, Damaris ankaisomola n'kuitembenuza, mbali yakutha kupita mkati, n'kuisokanso mwa luso loti sungaone.

Lamlungu lina masana, titaweruka kutchalitchi, anzake a Mathias anabwera kudzacheza. Damaris anawapatsa munkoyo woti amwe, n'kubwerera pakhonde pomwe ankasita ndi nsimbi ya makala. Mathias anali atangomaliza phunziro latsopano, ndipo linkamuyabwa pakamwa.

"Inu mukamva pa wailesi kuti dziko lino ndi lolemera, mumayesa amayeza ndi chiyani? Ndi sikelo?" anafunsa. "Amatenga chaka chathunthu n'kuphatikiza zonse zimene zapangidwa n'kugulitsidwa. Kopa wa m'migodi, simenti, fodya, ntchito ya aliyense wolandira malipiro. Chimene chatuluka pamenepo ndiye chuma cha dziko. Tsono taonani chinyengo chake. Kopa ndi wathu, thukuta ndi lathu, koma akamaliza kuphatikiza amati n'chuma cha Chitaganya, misewu n'kukamangidwa ku Halale. Ife amene tikukumba satiwerengera."

Jonah, telala wa pa msika wa Chifubu, munthu wosatha nthabwala, anakweza kapu yake. "Nanga munkoyo tikumwawu ulimo m'chumacho?"

"Mwaugula?"

"Ayi, alamu aphika."

"Ndiye mulibe. Chosagulidwa sichilowa. Mtengo wake angaudziwe ndani? Ndipo tamverani iyi. Mwamuna akakwatira mkazi amene ankamulipira kuti azimuchapira zovala, chuma cha dziko chimatsika, poti malipiro aja atha."

"Kuchapanso kwatha?"

"Kuchapa kulipo, koma sikulinso ntchito."

Jonah anaseka mpaka kutsamwa. "Alamu! Mwamva? Siyani nsimbiyo mudzakhale pansi. Azungu a m'mabuku ati simukuchita kanthu!"

"Ndamva, alamu," anatero Damaris. Anauzira makala a mu nsimbi, n'kupitiriza kusita.

Likanakhala tsiku limenelo lokha, bwenzi zitaiwalika. Koma mawuwo anakhazikika m'nyumba. Damaris akapempha nsalu, Mathias ankati, "Wogwira ntchito m'nyumba muno ndi mmodzi." Akabwera kudimba atatopa, ndiwo zili pamutu, ankamufunsa kuti, "Mwaswera bwanji ku tchuthi?" Sankanena mokalipa. Ankanena moseka, ngati munthu amene watulukira choonadi chimene ena sakuchiona.

Kenaka kunabwera Lorna. Anali mtsikana wogulitsa m'sitolo ya nsalu m'tauni, wolandira malipiro ake mwezi ukatha, wodziwa kuyankha azungu m'Chingerezi. Mzere wonse unadziwa nkhaniyi Damaris asanauzidwe. Pomaliza Mathias ananena yekha kuti ukwati watha, ndipo akufuna mkazi woti azithandizana naye kukweza nyumba.

Ankhoswe anakumana pansi pa mango. Kumbali ya Damaris kunali Jairus. Kumbali ya Mathias kunali atsibweni ake, a Gershom, nkhalamba yopuma ntchito ya njanji, yomwe inaperekeza ukwatiwo pachiyambi. Panalinso a Absalom, mkulu wa mpingo wathu, amene anayesa kuwayanjanitsa mpaka mawu anawathera. Mathias anati ngati mpingo ukufuna kumuchotsa, umuchotse.

Jairus anati, "Kwathu mwamuna akatopa ndi mkazi, wotuluka ndi iyeyo. Amanyamula bulangete ndi nkhwangwa yake, nyumba ndi nkhokwe n'kutsala kwa mkazi."

"Kumeneko n'ku Katete, alamu," anayankha a Gershom mofatsa. "Kuno mkamwini ndi mkazi. Nyumba n'ja kampani."

"Chabwino. Tigawane katundu, mlongo wanga akhale ndi poyambira. Kuseri kwa nyumba yanga ku Twapia malo alipo oti n'kumanga, koma ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Kumudyetsa sindingathe. Akatuluka muno chimanjamanja, ndiye kuti wapita kumudzi."

Aliyense ankadziwa chimene kumudzi kunkatanthauza kwa Damaris. Mayi ake anali atamwalira kalekale, munda wawo ankalima ana a ang'ono awo, ndipo manda a ana ake akanatsala opanda wolambula.

Mathias anapukusa mutu. "Tigawane chiyani? Bedi, tebulo, wailesi, njinga, mapoto, zonse ndinagula ndi malipiro anga. Amake Salome chibwerereni kuno sanagwirepo ntchito. Sindikunyoza, ndikunena mmene zilili. Tikiti ndiwagulira, ya basi ya kumapeto kwa mwezi. Atenge zovala zawo."

Nthawi yonseyi Damaris anakhala pamphasa chapatali, miyendo atatambasula, maso ali pansi. Apa anakhosomola pang'ono.

"Apongozi, ndifunseko?"

"Funsani, mwana wanga," anatero a Gershom.

"Zogulidwa n'zawo, ndamva. Nanga zosagulidwa n'za yani?"

Mathias anaseka. "Zosagula tengani zonse, amake Salome. Ngakhale mphepo ya pabwalo pano, mukapeza thumba, nyamulani."

"Apongozi, mwamva? Abambo a mpingo, mwamva?"

"Tamva," anatero onse awiri, ndipo a Gershom anaomba m'manja kutseka nkhani.

Mmawa mwake Mathias atangokwera njinga, Damaris anapita kudimba. Anakumba mbatata zonse, zokhwima ndi zanthete, anazula chinangwa n'kumanga mitengo yake m'mitolo kuti akabzale, anathyola mpiru ndi tomato mpaka pansi panatsala mbee. Mizere anaisalaza, ngalande yolowetsa madzi anaikwirira. Jairus anamubwereka wilibala, ndipo Norah, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana nayo, ankamuthandiza kukankha. Ku Twapia si pafupi. Ankadutsa m'mbali mwa tauni dzuwa lili pamutu, n'kubwerako mapazi atatupa.

Nkhuku zinapita m'madengu. Nthochi anazikumba ndi mizu yomwe, ana ake onse, n'kusiya maenje. Kenaka anakwera pa khitchini n'kuyamba kusasula udzu.

Masiku oyambawo Mathias ankaona ngati masewera. Akafika madzulo ankaimika njinga n'kuima manja ali m'thumba.

"Ndiye mukusenza matope kupita nawo ku Katete? Kondakitala akakulipitsani katundu ameneyo."

"Chakudya chili patebulo, atate ake Salome," ankayankha Damaris, akugumula chidina china mosamala kuti chisasweke. Ankamuphikirabe, kumuchapira ndi kumufunditsira madzi monga kale. Ndiye Mathias sanadere nkhawa.

Tsiku lomaliza Damaris analowa m'nyumba. Matiresi anali masaka a ufa amene iye anawasoka n'kuikamo udzu wofewa. Anawasomola, udzu n'kuukhuthulira mu wilibala, masaka n'kuwapinda bwino pa bedi, poti masaka anabwera ndi ufa wogula. Nsalu zoluka za patebulo ndi pa wailesi anazimasula, ulusi n'kuukulunga m'timipira. Mtsuko wa madzi akumwa, umene anaumba yekha, anautulutsa. Kenaka anakhala pakhonde ndi lezala, malaya onse a Mathias ali pamiyendo. Kolala iliyonse imene anatembenuza anaichotsa. Batani lililonse limene anabwezerapo analidula n'kuliponya m'mbale. Zigamba za m'mathalauza anazisomola, mipendero anaimasula. Sanang'ambe nsalu ngakhale pang'ono. Ankagwira modekha ngati mmene ankasokera.

Norah anakhala pambali akuonerera, dzanja lili pakamwa. "Bana Salome, mwe! Mawa apita kuntchito atavala chiyani?"

"Zimene anagula."

Atamaliza anagwetsa mpanda wa nkhadze ndi chikwanje, utomoni ukumuotcha m'manja. Potsiriza anatenga nkhwangwa ya Jairus n'kuyenda kupita pa mango.

Apa Norah anaimirira. "Iyayi, mayo. Uwu wokha usiyeni. Simungaunyamule. Ana a mzere wonse amadya pano, anga omwe. Onani maluwa, chaka chino ubereka kwambiri."

"Ndikuona."

"Nanga mtengo walakwanji?"

"Sunalakwe. Koma Lorna sakhala pa mthunzi wanga. Akaufuna, amuna ake akamugulire."

Anadula masana onse. Amayi a mumzere tinatuluka n'kuima m'makomo mwathu. Ana ena analira. Mtengo utagwa, fumbi ndi maluwa zinadzaza bwalo, ndipo nyumba ija inaoneka yaing'ono, yamaliseche, monga inalili tsiku limene anailowa. Damaris anapukuta nkhope ndi chitenje n'kuyamba kusadza nthambi kuti zikhale nkhuni.

Mathias anafika cha m'ma faifi koloko. Anatsika panjinga pamsewu, poti sanazindikire msanga kuti pakhomo ndi pake. Analowa m'nyumba, ndipo tinamva kukuwa. Anatuluka atanyamula malaya opanda kolala, n'kutumiza uthenga kwa a Gershom ndi a Absalom kuti abwere msanga.

"Taonani, atsibweni! Mfiti iyi yandiwonongera nyumba!"

"Nyumba ya kampani ili chilili," anatero Damaris. "Sindinazule ngakhale msomali."

"Malaya anga!"

"Nsalu ndi izo, mabatani ali m'mbale, ulusi uli patebulo. Zonsezo munagula. Kusoka simunagule."

"Mango awa munatani nawo? Ndiziwerengera pati?"

"Khokho lake ndinakwirira ndine, madzi ndinkathirira ndine. Kapena munagula kusitolo iti?"

Mathias anatembenukira kwa atsibweni ake. A Gershom anayang'ana chitsa, anayang'ana maenje a nthochi, n'kukanda m'mutu. "Mphwanga, ndinaomba m'manja ndine. Sindingaombenso kachiwiri pa nkhani yomweyo."

A Absalom ndiwo anakwiya kwenikweni, osati chifukwa cha malaya koma mtengo. "Mayi Sakala, zimene munachitiridwa n'zoipa, tonse tikudziwa. Koma izi n'kubwezera. Mayi wa Chigwirizano sachita chonchi. Mwalanga ndi ana osalakwa. Lamlungu mubwere pamaso pa akulu mudzalape, apo ayi ku Mgonero simuyandikira."

Damaris anagwada monga mwa ulemu, manja ake otupa ndi utomoni ali pamaondo. "Ndamva, abambo. Koma sindinamalize kukwiya. Ndikadzamaliza ndidzabwera."

Anadzuka, anakweza nkhuni zomaliza pa wilibala, mphasa ndi dengu lake pamwamba, n'kutuluka pomwe panali chipata. Sanacheuke.

Masiku otsatirawo Mathias anaphunzira mitengo ya zinthu. Mmawa woyamba anapita kuofesi atavala jekete lotsekedwa mpaka m'khosi kunja kukutentha. Ndiwo anayamba kugula pamsika, mazira pasitolo, makala kwa oyenda nawo panjinga. Anagula matiresi, analemba mayi wina womuchapira, ndipo mbuzi zitayamba kugona pakhonde anaitana munthu wodzamanga mpanda wa waya. Malaya anapita nawo kwa Jonah.

"Kolala iliyonse wani sheleni, achimwene," anatero Jonah akuyeza pakhosi. "Musadandaule. Alamu aja achitira dziko zabwino. Sabata ino yokha chuma chakwera, a ku Halale akuthokozani."

Mathias sanaseke. Koma sanasinthenso maganizo. Anauza Jonah kuti buku silinaname, limangonena mmene amawerengera, ndipo Lorna analowa m'nyumbamo monga anakonzera. Tikiti ija Mathias anaipereka kwa a Gershom, poti mwambo umati nkhoswe imene inatenga mkazi kwa abale ake ndiyo imamubweza.

Mmawa wa tsiku la basi a Gershom anavala chipewa chawo n'kupita ku Twapia. Kuseri kwa nyumba ya Jairus anapeza makoma a chipinda chimodzi atafika m'chiuno. Udzu unali utaunjikidwa pambali, nkhuku zikupalasa pansi pa wilibala. Nthochi zinali zitabzalidwa mumzere, masamba ofota koma mitima yobiriwira, ndipo mkazi wa Jairus anali atapita kumsika ndi dengu la mbatata ndi mazira. Damaris anali m'dzenje akuponda dothi, chitenje atakwinyira m'maondo.

A Gershom anakhala pa mulu wa zidina n'kupuma kaye. "Mwana wanga, basi inyamuka naini koloko. Ndabwera kudzakuperekezani kwa abale anu."

Jairus anatuluka m'shedi yake, utuchi uli m'tsitsi. "Abale ake ati, alamu? Ine si m'bale wake? Mwafika kale. Mubwezereni pompano."

"Paja munati simungathe kumudyetsa."

"Sindikumudyetsa. Dzulo ndiwo za m'nyumba mwanga zachokera kwa iyeyu. Akapitawo a komboni ndawauza kuti ndi mlongo wanga, ali pa malo anga, ndipo avomera."

Nkhalamba ija inayang'anitsitsa makomawo. Kenaka inavula chipewa, inaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena mawu obweza mkazi kwa eni ake, kuti inamutenga ali bwino ndipo yamubweza ali bwino, mlandu palibe. Jairus anaomba m'manja kuvomera.

"Nanga tikitiyi nditani nayo?" anafunsa a Gershom, ataitulutsa m'thumba la malaya. "Mwina muisunge, tsiku lina mudzafuna kukaona kumudzi."

Damaris anatuluka m'dzenje, matope ali mpaka m'akakolo. Sanaigwire.

"Imeneyo n'njogula, apongozi. Kawapatseni eni ake."

"Palibe mawu ena oti ndikanene? Zaka zonsezi munakhala limodzi."

Damaris anaganiza pang'ono. "Mukawauze kuti chitsa chija chikaphukira, ndidzabwera kudzadulanso."

A Gershom anapukusa mutu, osadziwa kuti aseke kapena adandaule. Damaris anawerama n'kudzaza chidebe ndi dothi, anachiika pakhoma, kenaka anaima patsogolo pawo mwaulemu.

"Pepani apongozi, tasunthirani pa benchi apo. Zidina mwakhalirazo ndikuzifuna."